Mimba Imamva: Mbiri ya Nsima, Fodya ndi Nkhawa Kumadzulo kwa Lilongwe

Atsibweni anga anali mlimi wa fodya wa bale, ndipo chaka ndi chaka, mabelo awo akangokwera galimoto kupita ku okushoni, m'mimba mwawo munkatseguka. Ndili mwana ndinkagona pakhomo pawo, m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru, ndipo ndinkamva chitseko chikulira kanayi kapena kasanu usiku umodzi, iwo ali pa ulendo wa kuseri. Nsima anadya yomweyo imene tinadya tonse, madzi a pamjigo womwewo. Kukacha, agogo ankangowayang'ana n'kunena kuti, "Inu simukudwala m'mimba ayi, mukudwala mtima. Mtima ukathawa, mimba imatsatira." Ndalama zikafika, ngongole ya feteleza itabwezedwa, atsibweni ankachira osamwa ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala.

Mawu a agogo aja ndakhala nawo zaka zambiri. Kwathu kuno, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Namitete, kukwera cha ku Kabudula ndi ku Nambuma, palibe amene amadabwa kumva kuti mantha amatsegula m'mimba. Mwana wopita ku mayeso a sitandade 8 amadziwa. Mkamwini woitanidwa kubwalo la amfumu amadziwa. Timati m'mimba mwabwadamuka, m'mimba mukupota, chakudya chakana kutsika. Koma mimba imene inkamva nkhawa m'nthawi ya agogo si yofanana ndi imene ikuzimva lero. Pa zaka 100 zapitazi chakudya chathu chasintha, nkhawa zathu zasintha, ndipo matenda ena amene madokotala akale ankati ndi a Azungu okha ayamba kumveka pakati pathu.

Chimanga sichinabadwire kuno. Chinachokera ku America, chinafika m'magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi, ndipo chinatenga nthawi yaitali kuti chilande malo a mapira ndi mawere m'minda ya Achewa. Ngakhale chitakhazikika, m'mbale ya munthu wa m'chigwa cha Lilongwe munali zinthu zambiri. Munali bonongwe, luni, chisoso ndi denje zongomera zokha m'mizere. Nkhwani, khwanya ndi kholowa. Therere wophikira chidulo. Mtedza, nzama, nyemba ndi khobwe. Bowa wa m'tchire mvula ikagwa. Masuku, maye ndi mateme anyamata akamaweta. M'chilimwe amayi ankatsitsa chikwatu cha mfutso kutsindwi n'kutendera ndi nsinjiro. Nyama inali ya apo ndi apo: mbewa pambuyo pokolola, nkhuku ya mlendo, mbuzi ya pamaliro kapena pa chiliza. Mafuta ophikira kunalibe. Shuga ankachokera mu nzimbe ndi m'misinde.

Nsima yake inali ya ntchito yaikulu. Ndikukumbukira azakhali awiri ali pa mtondo umodzi, misi ikusinthana, wina akuwaza timadzi kuti gaga asiyane ndi mphale. Akapeta m'lichero, mphale ija inkaviikidwa mumtsuko masiku angapo kufikira itatulutsa kafungo kowawasa, kenaka kutsuka, kuyanika pamphasa, kusinja. Ufa woyera sunayambe ndi chigayo, ndi wa makolo, ndipo mkazi ankatamandidwa nawo. Koma gaga sankatayidwa yense. Ena ankalowa m'chikondamoyo, ena m'mowa, ndipo nkhokwe ikayamba kuoneka pansi banja linkabwerera ku mgaiwa kapena kusakaniza ufa ndi madeya. Thobwa wa chimera cha mawere ankamwedwa kumunda tsiku lililonse la dima. Tikayang'ana ndi maso a lero, anthu aja ankadyetsa matumbo awo masamba ambiri, mbewu za mtundu wa nyemba, ndi zakudya zosasa. Sindikunena kuti anali pabwino. Ana ankafa ochuluka ndi kutsegula m'mimba, njoka za m'mimba zinali paliponse, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale inkawondetsa mudzi wonse.

Matenda a m'mimba okhalitsa ankalongosoledwa m'chilankhulo cha miyambo. Mwana akamawonda, kutupa mapazi ndi kutsegula m'mimba kosalekeza, akuluakulu ankati ndi tsempho. Wamkulu akatupa ndi kufooka ankati wadulidwa, ndipo ankafufuza kuti ndani anathira mchere m'ndiwo ali wotentha. Chikhulupiriro cha mdulo chinazunzitsa amayi ambiri osalakwa, ndipo chinachedwetsa ana ambiri amene ankangosowa chakudya chokwanira. Izi ndimazinena mosabisa. Komabe pansi pake panali chinthu chimene makolo anachiona bwino: pakhomo pakasowa mtendere, thupi la wina limayamba kulephera, ndipo nthawi zambiri limayambira pa chakudya.

Nkhawa ya mtundu watsopano inafika ndi fodya. Cha m'ma 1920, A. F. Barron ndi mnzake Wallace anatsegula esiteti ku Mbabzi n'kuyamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa anthu a m'midzi yozungulira, kuti azilima iwo n'kumagula. Pasanathe zaka zambiri alimi masauzande a m'boma la Lilongwe anali atalowamo, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwu ndi misika yake. Kuyambira pamenepo, moyo wa banja unayamba kudalira mtengo umene munthu wina, wokhala kutali, adzatchule tsiku limodzi pa chaka. Munthu amafesa nazale mu Seputembala, kuthirira ndi ndowa, kuwoka ndi mvula yoyamba, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda pa jeke, miyezi isanu ndi itatu kapena kuposa, osadziwa ngati adzapeza kanthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma mlimi wa fodya amakhala chaka chonse akuwerengera amene ali kutali.

Mu 1948 boma linatsegula malo ofufuzira za ulimi ku Chitedze, pafupi ndi Mpingu. Mu 1968 inayamba pulojekiti ya Lilongwe Land Development Programme, ndi ndalama za World Bank, ndipo inabweretsa misewu, mijigo, misika, alangizi, ndi ngongole ya feteleza ndi mbewu. Minda inakula, tchire linachepa, ndipo chimanga chinayamba kulimidwa pachokha m'mizere yoyera, popanda maungu ndi nyemba zoyanga zimene agogo ankabzala pakati. Mbewu za haibulidi za MH17 ndi MH18, zimene zinatuluka mu 1990, zinakondedwa chifukwa zinkakonoleka ngati chamakolo. Nthawi yomweyo alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, amene kale anali wa maesiteti okha. Ndi m'zaka zimenezi pamene atsibweni anga anayamba maulendo awo a usiku.

Za chipatala zinabwera ndi amishoni. Ansembe a White Fathers anali kale ku Likuni ndi ku Nambuma, ndipo mu 1959 masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chimene mpaka lero chimalandira odwala ochokera kumadzulo konse kwa Lilongwe ndi ku Mchinji. Madokotala a m'zipatala za mishoni za ku Africa a nthawi imeneyo ankaona chinthu chimodzi chodabwitsa. Kamwazi analipo wambiri, njoka za m'mimba, taifodi, matumbo opotana. Koma matenda amene ankadzaza mawodi a ku London ndi ku New York sankawaona: khansa ya matumbo aakulu, kudzimbidwa kosatha, ndi matenda awiri otupitsa matumbo amene lero amatchedwa ndi dzina limodzi la IBD. Oyamba ndi ulcerative colitis, amene Samuel Wilks anawalongosola ku London mu 1859: matumbo aakulu amachita zilonda kuyambira kumunsi, munthu n'kumachita chimbudzi cha magazi ndi zonanda. Achiwiri ndi matenda a Crohn, otchedwa ndi dzina la Burrill Crohn amene analemba za iwo ndi anzake ku New York mu 1932: amagwira paliponse kuyambira mkamwa mpaka kotulukira, amaboola khoma la matumbo kapena kulipanikiza. Pa onse awiri, chitetezo cha m'thupi chimaukira matumbo a mwini wake, ndipo matendawa amabuka, kugona, n'kubukanso moyo wonse.

Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wa ku Kampala, anadutsa m'Nyasaland mu 1961 pa ulendo wake wautali wa pagalimoto, akufufuza khansa ya ana yotupitsa nsagwada imene tsopano ili ndi dzina lake. Patapita zaka anatembenukira ku matumbo. Iye ndi mnzake Hugh Trowell anaphunzitsa kuti chimene chinkateteza anthu a m'midzi ya ku Africa ndi gaga ndi ulusi wa m'masamba, zimene Azungu anali atazichotsa mu ufa ndi buledi wawo. Mu 1966 madokotala a ku Uganda atapeza anthu anayi akuda odwala ulcerative colitis, anaona kuti ndi nkhani yoyenera kulembedwa m'magazini ya madokotala ku Britain. Anthu anayi basi. Koma funso limene limandivutitsa n'lakuti, kodi ankawaona bwanji ena? Munthu wochita chimbudzi cha magazi ku Kabudula mu 1966 anali wa kamwazi, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Chida choyang'anira m'kati mwa matumbo kunalibe. Ndikukhulupirira kuti matendawa analidi osowa, komanso kuti ochepa amene analipo anabisika.

Za mtima ndi mimba, madokotala nawo anayenda njira yokhotakhota. Mu 1822 mnyamata wina, Alexis St. Martin, anawomberedwa mwangozi pamimba ku America, ndipo bala linapola litasiya chiboo cholowa m'chifu. Dokotala wake, William Beaumont, ankasuzumira pa chiboocho zaka zambiri, ndipo anaona ndi maso kuti mnyamatayo akakwiya kapena kuopa, m'kati mwa chifu munkasintha maonekedwe ndipo chakudya chinkachedwa kugayika. Pofika mu 1950, Franz Alexander anaika ulcerative colitis pa mndandanda wa matenda asanu ndi awiri amene ankati amayamba ndi maganizo. Apa anapyola muyeso. Odwala ambiri anauzidwa kuti vuto ndi khalidwe lawo kapena amayi awo, monga momwe kwathu kuno ankalozera chala mkazi wothira mchere. Kenaka mu 1982 Barry Marshall ndi Robin Warren ku Australia atapeza kuti zilonda zambiri za m'chifu zimayamba ndi bakiteriya, madokotala ambiri anataya nkhani ya nkhawa yonse ngati nthano.

Zimene zikudziwika tsopano zili pakati. Nkhawa siyambitsa IBD. Pamafunika chibadwa cha munthu, tizilombo ta m'matumbo mwake, ndi zimene wakumana nazo kuyambira ali khanda. Koma kwa amene ali nawo kale, nkhawa yokhalitsa imawadzutsa. Khoma la matumbo lili ndi minyewa yakeyake yoposa 100 miliyoni, imene imayendetsa chakudya popanda kufunsa ubongo. Minyewayi imalumikizana ndi ubongo kudzera mu mtsempha wautali wotchedwa vagus, wotsika kuchokera pansi pa chigaza, kudutsa m'khosi ndi m'chifuwa, ndipo mauthenga ambiri oyenda mu mtsemphawu ndi okwera kuchokera kumimba. Munthu akaopa, thupi limatulutsa mahomoni monga cortisol ndi adrenaline. Chifu chimaima, matumbo aakulu amafulumira. N'zimene zinkachitikira atsibweni. Ngati mantha ndi a tsiku limodzi, zimatha. Akakhala a miyezi, khoma la matumbo limayamba kulola tizilombo kuyandikira pamene sitiyenera kufika, ndipo chitetezo chimalusa. Mu 2023 gulu la Christoph Thaiss ku University of Pennsylvania linaonetsa njira yake pa mbewa: mahomoni a nkhawa akakhala okwera nthawi yaitali, maselo osamalira minyewa ya m'matumbo amayamba kuitana maselo a chitetezo otupitsa. Ndipo njirayi imayenda mbali zonse ziwiri. Matumbo otupa amatumiza uthenga kumutu, munthu n'kumasowa tulo, kukhala wachisoni, kuganiza kwambiri, ndipo maganizowo amabwereranso kumatumbo.

Pa nkhani ya chakudya, Amalawi tili m'mabuku a sayansi kuposa momwe ambiri tikudziwira. Mu 2012 gulu la Jeffrey Gordon linayerekeza tizilombo ta m'matumbo a anthu a m'midzi ya ku Malawi, a ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku United States, ndipo linapeza kuti akuluakulu a ku America anali ndi mitundu yochepa ya tizilomboti kuyerekeza ndi anzawo a m'midzi. Chaka chotsatira anafufuza mapasa a ku Malawi amene wina anali ndi kwashiorkor wina alibe, n'kuona kuti tizilombo ta wodwalayo, titaikidwa m'mbewa zodya chakudya choperewera, tinkaziwondetsa. Mu 2015 Stephen O'Keefe anasinthanitsa chakudya cha anthu 20 akuda a ku Pittsburgh ndi cha anthu 20 a m'midzi ya KwaZulu-Natal kwa masabata awiri. Amene anapatsidwa zakudya za chimanga, nyemba ndi masamba zizindikiro za kutupa m'matumbo mwawo zinatsika. Amene anapatsidwa nyama ndi zamafuta zizindikiro za kutupa zinakwera. Chifukwa chake n'chomveka. Gaga ndi ulusi zimene ife sitigaya zimafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amazisasitsa monga chimera chimachitira ndi thobwa, n'kutulutsa asidi wotchedwa butyrate, amene ndiye chakudya cha maselo a khoma la matumbo. Mabakiteriyawa akasowa chodya amayamba kudya zonanda zimene zimakuta khomalo.

Koma matumbo a anthu a kwathu anavulala m'njira zinanso zimene Burkitt sanaziwerengere. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kutsegula m'mimba kosatha ndi kuwonda kunali ndi dzina limodzi lokha, kaliwondewonde, ndipo mpaka mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, munthu wotero ankangoyembekezeredwa. Mu njala ya 2002, imene boma linailengeza ngati tsoka la dziko mu Febuluwale, anthu a m'midzi yathu anadya madeya okhaokha, zitsa za nthochi ndi mizu ya m'tchire, ndipo ambiri anatupa. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Ku Lusaka, Paul Kelly ndi anzake akhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti anthu okhala m'malo opanda madzi abwino, ngakhale ooneka athanzi, amakhala ndi matumbo aang'ono otupa pang'onopang'ono ndi osayamwa bwino chakudya. Ndiye dokotala wa kuno akaona wodwala wa magazi m'chimbudzi, ali ndi zifukwa zabwino zoganizira kamwazi, HIV, likodzo kapena TB ya m'matumbo, imene imafanana kwambiri ndi matenda a Crohn ngakhale kwa akatswiri.

Pitani pa Nsaru kapena pa Namitete tsiku la msika muone zimene tikudya tsopano. Chiwaya cha tchipisi chili pakhomo pa golosale iliyonse, mafuta akuda obwerezedwa kuyambira m'mawa. Mwana wa sukulu wanyamula kapepala ka tinthu tofiira tothira mchere ndi chakumwa chotsekemera cha m'chubu. Tiyi wa shuga masupuni anayi ndi sikono. Ndiwo za masoya pisi zophikidwa ndi mafuta a m'kapepala, chifukwa mtedza wonse wagulitsidwa kwa mavenda ndipo nsinjiro zakwera mtengo. Mfutso atsikana ambiri sakudziwa kufutsa kwake. Mankhwala opha mabakiteriya amagulidwa pa benchi ngati maswiti, mibulu iwiri itatu, ndipo mwana amamwetsedwa akangotentha thupi. Amapha tizilombo toipa ndi tabwino tomwe. Kafukufuku wina wa anthu oposa 116,000 m'maiko 21, wotuluka mu 2021, anapeza kuti odya zakudya za m'fakitale kasanu kapena kuposa pa tsiku ankadwala IBD kwambiri kuposa odya zosafika kamodzi. Ku North America ndi m'maiko ambiri a ku Europe, anthu oposa atatu pa 1,000 aliwonse ali ndi matendawa, ndipo m'maiko a ku Asia, South America ndi Africa amene mizinda ikukula, chiwerengero chikukwera. Msewu wa Lilongwe–Mchinji ukubweretsa moyo wa m'tauni mpaka pakhomo, pomwe nkhawa ya feteleza, fizi ndi katapila sinachoke.

Msuweni wanga, mwana wa atsibweni aja, anayamba kuchita chimbudzi cha magazi ali ndi zaka 26. Kwa zaka zitatu anamwa Flagyl kosawerengeka. Anayezetsa magazi kanayi, kanayi konse wopanda kachilombo, koma pachitsime amayi ankangotsinana akamadutsa, poona momwe chitenje chinkamuzungulira kawiri. Anapita kwa asing'anga awiri. Wina anati anadyetsedwa, n'kumupatsa mankhwala otsegula m'mimba amene anatsala pang'ono kumumaliza. Mutu ukawawa ankamwa Brufen, osadziwa kuti mankhwala a mtundu umenewo amakanda matumbo a zilonda. Mwamuna wake anachoka. Ndinamupeza tsiku lina atakhala pakhonde, pafupi ndi njira ya kuchimbudzi, ndipo anandiuza kuti, "Achimwene, kutchalitchi ndinasiya, kumaliro ndimakhala panja. Ndikangoganiza kuti kulibe kothawira, m'mimba mumayamba pomwepo."

Dzina la matenda ake linapezeka m'tauni, dokotala wina atamuyang'ana m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera n'kutengako kanyama kokayeza. Anati ndi ulcerative colitis. Anamupatsa prednisolone wa masabata angapo ndi sulfasalazine womwa tsiku ndi tsiku, ndipo magazi analeka. Dokotalayo anamufunsanso funso limene panalibe anali atamufunsapo m'zaka zitatu zonse: kodi kunyumba kuli bwanji, mumagona tulo? Msuweni wanga akuti analira osayankha.

Matendawa akabuka, gaga amene Burkitt ankamutamanda amasanduka mdani. Mgaiwa, nyemba ndi masamba zimamupweteka, ndipo amakhala pa phala la ufa woyera losalala, nthochi zakupsa, dzira ndi msuzi wa nsomba, kufikira zilonda zitapola. Zikapola amabwerera pang'onopang'ono ku nkhwani wotendera ndi thobwa, ndipo tchipisi anasiyiratu. Anabukanso kawiri kuchokera pamenepo: pamene amayi ake anamwalira, ndi chaka chimene mankhwala anasowa miyezi iwiri. Tsopano amasunga mabotolo awiri m'chitini cha pansi pa bedi. Lachinayi lililonse amapita ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi, ndipo amakhala pa benchi ya kumapeto, pafupi ndi chitseko. Fodya pakhomo paja analeka. Chigafa cha atsibweni muli mbuzi, ndipo m'munda umene munali bale iye anabzalamo mtedza ndi soya, maungu akuyanga pakati pa mizere.